Mulungu wotsika pa chingwe

Mwandilembera kuti aphunzitsi a zisudzo alemba mawu akuti "deus ex machina" kumapeto kwa sewero lanu, pamene amalume a ku Joni akutulukira ndi ndalama n'kubweza ngongole yonse ya banja. Mukufunsa ngati kumeneku n'kuyamikira. Ayi achimwene, akudzudzulani.

Mawuwa ndi a Chilatini, koma mwini wake ndi Agiriki, omwe ankati "apo mechanes theos", mulungu wochokera pa makina. Makinawo analikodi. Pabwalo la zisudzo la Dionysus ku Athens, m'zaka za m'ma 400 Khristu asanabadwe, panali chimtengo cha zingwe chotchedwa mechane. Ankamangirirapo munthu wosewera ngati mulungu n'kumukweza, anthu n'kumuona akulendewera pamwamba pa denga.

Mlembi wa zisudzo Euripides ndiye ankakonda zimenezi. Mu sewero lake la Orestes, la m'chaka cha 408 Khristu asanabadwe, zinthu zafika pa mwana wakana phala: nyumba yachifumu yatsala pang'ono kutenthedwa, Orestes waika lupanga pakhosi pa mtsikana wotchedwa Hermione. Mwadzidzidzi mulungu Apollo aonekera m'mwamba n'kulamula kuti Orestes akwatire mtsikana yemweyo! Mpaka lero akatswiri amakangana ngati mlembiyu ankalemekeza milungu kapena ankaijeda. Ine ndimaona kuti ankaijeda.

Ngakhale a ku Athens ankaseka nawo makinawa. Mu sewero lanthabwala la Aristophanes la mtendere, la mu 421, mlimi akuuluka pa chikumbu chodya ndowe, ndipo ali m'mwambamo akukuwira woyendetsa makina kuti asamale.

Amene anasandutsa nkhaniyi kukhala mlandu ndi Aristotle, katswiri wa nzeru zakuya wachigiriki. Iye anati mapeto azichokera m'nkhani momwemo, ndipo chitsanzo choipa chomwe anapereka ndi Medea, mayi wa m'sewero lina la Euripides, wothawa pa galeta la mulungu wa dzuwa atapha ana ake. Komabe makina sanawaletseretu. Anawalola pofotokoza zimene munthu wamba sangadziwe, zakale kapena zam'tsogolo.

Choncho masiku ano pasakhale chingwe kapena mulungu, mawuwa amagwirabe ntchito. Amanena chilichonse chogwa kumwamba mlembi akasowa potulukira: kalata yotayika yopezeka pa tsiku la mlandu, mvula yozimitsa moto, kaya amalume anuwo.

Musawachotse amalumewo. Atchulidwe kuyambira pachiyambi, tidziwe chomwe anathawira pamudzi, ndipo ndalama zawozo zibwere ndi mawu omwe banjalo livutike kuwavomera.