Unakhoza Chingerezi pa MSCE, koma mfundo yako ili pati?

Mtsikana wina wa chaka choyamba pa yunivesite ina ya boma wandilembera kuti: "Pa MSCE ndinapeza 1 m'Chingerezi. Koma asayimenti yanga yoyamba yabwera ndi 42, ndipo alekichara alemba ndi cholembera chofiira kuti, 'mfundo yako ili pati?' Bambo akuti ndayamba masewera, poti iwo akufuna ndidzaphunzire zamalamulo. Anzanga akuti ndizingolembetsa ChatGPT. Nditani?"

Makalata otere amandipeza semesita yoyamba iliyonse, ndipo ambiri amachokera kwa omwe ankatchuka pa Chingerezi kusekondale.

Mwana wanga, 1 uja wagwira kale ntchito yake, wakulowetsa pageti. Usamudalirenso. Chimangirizo cha MSCE chinkafuna galamala yoyera ndi mawu okometsera. Kukoleji akufuna uyime pa mfundo imodzi n'kuiteteza.

Unakhalapo pabwalo la amfumu pozenga mlandu wa munda? Wodandaula sayamba ndi mbiri ya mudzi wonse. Amati malire ndi mtengo wa mango uja, kenaka amaitana agogo amene analipo pogawa malowo. Winayo akati chimanga chake chakhala chikudzalidwa pamenepo zaka zambiri, iye amayankha pomwepo. Kulemba kwa ku yunivesite n'komweko. Chiganizo chimodzi m'ndime yoyamba chinene zomwe ukutsimikiza. Mabuku ndi mapepala a kafukufuku ndiwo mboni zako, ndipo mboni imatchulidwa dzina ndi chaka, kaya ndi APA kaya Harvard (njira zotchulira mabuku amene wagwiritsa ntchito), malinga ndi zomwe dipatimenti yako ikufuna. Ndime ina uipereke kwa wotsutsana nawe, umumve bwino, ndiye umuyankhe. Aristotle, katswiri wa nzeru zakuya wa ku Greece, anaphunzitsa kalekale kuti wolankhula amakopa anthu ndi kudalirika kwake, ndi kuwakhudza mtima, komanso ndi kulongosoka kwa mfundo. Alekichara ako akusaka chachitatuchi, pomwe iwe, ndikuganiza, unawapatsa matanthauzo a mawu masamba awiri athunthu.

Za ChatGPT, pulogalamu ya pa intaneti imene imalembera anthu zimene aipempha, zimandikwiyitsa. Kupereka zolemba zomwe sunalembe wekha ndi kuba, ndipo mayunivesite amalanga. Ngakhale usagwidwe, tsiku la mayeso udzakhala wekha ndi cholembera, foni ili kunja. Nanga chaka chachinayi, podzateteza kafukufuku wako pamaso pa aphunzitsi, adzakuyankhira ndani?

Inu bambo, lekani kumuopseza mwanayu pafoni. Mukufuna loya, koma loya amadyera kulemba komweku kumene mwana wanu akulimbana nako. Akapanda kuphunzira panopa kumanga mfundo, zamalamulozo muiwale. M'malo mofunsa kuti wapeza angati, mufunseni zomwe alekichara analemba m'mphepete mwa pepala.

Mwana wanga, tenga asayimenti ija upite nayo ku ofesi ya alekichara sabata ino. Ophunzira ambiri amaopa khomo limenelo ngati la apolisi, chonsecho ndi ntchito yawo kukulandira. Apemphe akuonetse ndime imodzi yomwe unasochera. Kosi ya luso la kulemba ndi kulankhula, imene anzako amaijomba poiyesa yachabe, usaiphonye. Ukamawerenga pepala la katswiri mulaibulale, uzilemba mzere pansi pa chiganizo chomwe iye wanenapo mfundo yake, uone m'mene waikira mboni pambuyo pake.

Sindikulonjeza kuti semesita ino ufika pa 70. Koma kalata yako inali ndi vuto lomveka, umboni ndi funso, m'mizere isanu yokha. Asayimenti yachiwiri uiyambe chimodzimodzi, ndipo ikabwera undiuze zomwe cholembera chofiira chanena.