Ndimakhala ku Indiana koma ndimagwira ntchito ku Michigan ndi Chicago, msonkho ndilipire kuti?

Imelo yasabata ino yachokera kwa achemwali ena a ku South Bend, Indiana. Akuti amagwira ntchito ya CNA (wothandizira anamwino) pa nursing home ina ku Niles, Michigan, ndiye chaka chatha anapitanso ku Chicago, Illinois, miyezi itatu kukagwira mashifiti a agency. Pano alandira ma W-2 awiri (mafomu ochokera kwa abwana osonyeza malipiro a chaka ndi msonkho womwe anadula), ina yadula msonkho wa Michigan ina wa Illinois, wa Indiana palibe ngakhale senti. Funso lawo ndi lakuti, kodi andidula kawiri, nanga ndifaila kangati?

Achemwali, khazikani mtima pansi kaye. State yomwe mumakhala imafuna msonkho pa ndalama zanu zonse, kaya munazipeza kuti. State yomwe munakagwirako ntchito nayo imafuna gawo lake pa ndalama zomwe munapezera mdera lake. Apa ndi pomwe anthu amasokonekera, koma pali njira ziwiri zoti musalipire kawiri, ndipo inu zonse ziwirizi zikukukhudzani.

Tiyambe ndi ya ku Niles chifukwa pamenepo pali cholakwika. Indiana ndi Michigan ali ndi mgwirizano womwe amautcha reciprocity, Indiana ali nawonso ndi Kentucky, Ohio, Pennsylvania ndi Wisconsin. Tanthauzo lake ndi loti munthu wokhala ku Indiana akamalandira malipiro ku Michigan, msonkho wa state amalipira kwawo ku Indiana basi. Ndiye abwana anu sanayenere kumakudulani wa Michigan uja, ndipo nthawi zambiri zimachitika chifukwa tsiku loyamba ntchito amakupatsani mulu wa mapepala inu nkumangosaina osawerenga, tonse tinachitapo zimenezo. Pitani ku HR mukalembe fomu ya MI-W4 mukanene kuti ndinu wa ku Indiana, muwapemphenso ngati angathe kumakudulirani wa Indiana. Akakana, muzisunga nokha nkumalipira ma estimated tax (msonkho wolipiriratu pang'onopang'ono mkati mwa chaka), apo ayi mu April mudzalira.

Zomwe anakudulani kale sizinatayike ayi. Mufaila MI-1040, fomu ya msonkho ya Michigan, pamodzi ndi Schedule NR ya anthu osakhala kumeneko kuti Michigan akubwezereni. Koma musayembekezere kuti Indiana akupatsani credit (kukuchotserani pa msonkho wawo zomwe mwalipira kwina) pa ndalama imeneyo, sangatero chifukwa Michigan sanayenere kuitenga. Ndiye zikhala kuti mbali ina mukudikira refund, mbali ina Indiana akufuna ndalama yake pofika pa 15 April. Yambani kufaila ya Michigan msanga.

Chicago ndi nkhani ina. Illinois ndi Indiana alibe mgwirizano umenewu ngakhale ali pafupi chonchi, ndiye Illinois anali ndi ufulu wokudulani 4.95% yawo ija. Mufaila IL-1040 ndi Schedule NR ngati munthu wosakhala kumeneko, kenako pa IT-40 ya Indiana mulemba ndalama zonse, za Niles ndi za Chicago zomwe, nkupempha credit ya msonkho womwe mwalipira ku Illinois. Credit yake ili ndi malire, siipitirira msonkho womwe Indiana akanakudulani pa ndalama yomweyo. Mwachitsanzo tinene kuti ku Chicago munapanga $10,000. Illinois itenga pafupifupi $495, Indiana pa 3.05% ya chaka cha 2024 ikanatenga $305, ndiye credit yanu ndi $305 yokha, $190 inayo yapita. Simunalipire kawiri, mwangolipira mtengo wa state yodula. Ndi chifukwa chake pofaila muziyamba ndi ma state akunjawo, ya kwanu kumapeto, chifukwa nambala ya credit imachokera uko. Onaninso mabokosi 15 mpaka 17 pa W-2 iliyonse, ndi momwe amalemba dzina la state ndi ndalama yomwe anadula.

Kanthu kena komwe anthu a ku Indiana amaiwala, kuli msonkho wa county. Umatengera komwe munkakhala pa 1 January, kwa inu ndi St. Joseph County, ndipo abwana a ku Michigan kapena Chicago kawirikawiri sadula umenewu, mudzaupeza ukukudikirani pa IT-40.

Simunanene ngati agency ija inakupatsaninso 1099 (fomu ya wogwira ntchito payekha ngati kontrakitala) pa mashifiti ena. Ngati zili choncho dziwani kuti reciprocity ndi ya malipiro a pa W-2 okha, ndalama ya 1099 kapena ya lendi ya nyumba yomwe ili ku Michigan imakhomedwa msonkho konko. Komanso mizinda ngati Detroit ndi Grand Rapids ili ndi msonkho wake wa mzinda womwe mgwirizanowu suukhudza, ndiye mukadzapeza ganyu kumeneko mudzakumbukire.

Ma return anu ndi anayi, federal, Michigan, Illinois ndi Indiana. Ine ndikanakhala inu, chaka chino ndikanalipira munthu wodziwa misonkho ya ma state angapo, osati m'bale wa kutchalitchi amene amafailira anthu pa laputopu yake chifukwa ndi wotchipa. Mutenge ma W-2 onse awiri ndi pay stub yomaliza ya December.