Yankho kwa achemwali ofuna kuyamba mpikisano wa njinga

Achemwali, mwafunsa ngati nzoona kuti kupalasa njinga mwamphamvu kumawononga chiberekero, komanso kuti muyambire pati. Zachiberekerozo nzabodza. Ine ndinaziuzidwanso ndi achibale anga omwe, ndipo zinandipweteka mtima kwambiri, koma njinga silepheretsa mkazi kubereka.

Chimene muyenera kusamala ndi chakudya. Mtsikana akamapalasa maola ambiri koma osadya mokwanira, msambo umatha kusiya kubwera, mafupa nkuyamba kufooka. Zikatero musanyadire kuti mwalimba, pitani kuchipatala. Idyani nsima mokhuta, nyemba, usipa, mazira ndi masamba obiriwira, chifukwa ife akazi timataya ayironi, mchere wothandiza kupanga magazi, mwezi ndi mwezi pa msambo. Pa ulendo wautali ndimanyamula nthochi ndi madzi.

Ululu wa pokhalira umachepa mukakonza chishalo: bondo lizipindika pang'ono chabe pedulo ikafika pansi. Valani kabudula wa siponji mkati, ndipo chipewa choteteza mutu musachisiye ngakhale tsiku limodzi. Yambani ndi maulendo atatu pa sabata, osathamangira liwiro. Mitunda ngati wokwera ku Ku Chawe pa phiri la Zomba idzabwera miyendo ikazolowera. Pa msewu wa M1 musapalase nokha, magalimoto akuluakulu amadutsa pafupi kwambiri.

Akakuuzani kuti si masewera a akazi a kuno ku Africa, muwatchulire Kim Le Court wa ku Mauritius, amene anavala malaya achikasu a mtsogoleri pa Tour de France Femmes, mpikisano waukulu wa njinga wa akazi ku France, mu 2025.