Akandifunsa za malipiro, ndiyankhe bwanji?

Azakhali,

Ndili ndi dipuloma ya akawunti. Mwezi watha anandiitana ku intavyu pakampani ina ku Kanengo. Zonse zinkayenda bwino mpaka bambo wina atafunsa kuti, "Mukufuna tizikulipirani zingati?" Mtima unagunda, ndinangoti "zilizonse". Sanandiimbirenso. Lachiwiri likubwerali ndili ndi ina ku City Centre. Ndikanene chiyani?

Mtsikana wa ku Area 25

Mwana wanga,

Mawu akuti "zilizonse" ndawamva kambirimbiri pazaka zomwe ndakhala kumbali ya ofunsa, ndipo amandipweteka mtima. Tinaleredwa kuti kutchula ndalama pamaso pa akuluakulu ndi mwano. Koma wofunsayo akamva choncho amati sukudziwa mtengo wa ntchito yako, ndipo ena amapezerapo mwayi wokupatsa yotsikitsitsa.

Tenga kope ndi cholembera lero lomwe. Lemba lendi, ya minibasi kuchoka ku 25 kupita ku City Centre ndi kubwerera masiku 22, nkhomaliro, mayunitsi a magetsi, madzi, ndi kangachepe kotumiza kumudzi. Usatengere zomwe mkulu wako anayambira kalelo. Chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama imeneyo singakufikitse ndi pa 15 pomwe mwezi usanathe. Ufunsenso anzako awiri atatu a ntchito ngati imeneyi kuti akulandira zingati.

Apa ndiye tchera khutu. Ndalama yomwe kampani imatchula si yomwe imalowa m'thumba. Amayamba achotsa msonkho wa PAYE wopita ku MRA, komanso 5 peresenti ya penshoni. Abwana amaikapo yawo 10 peresenti. Mtsikana wina yemwe tinamulemba ntchito anagwetsa misozi muofesi mwanga, payslip yoyamba ili m'manja, poti nyumba anali atalowa kale powerengera ndalama yosadulidwa. Choncho nambala yako uikweze kuti ikadulidwa, yotsalayo ikwanire zam'kope zija.

Lachiwirilo akakufunsa, yamba ndi kufunsa mwaulemu: "Kodi paudindowu mwakonza malipiro oyambira pati kulekeza pati?" Akakakamira kuti utchule ndiwe, nena nambala ziwiri, yapansiyo ikhale yomwe ungavomeredi, ndipo unene kuti ukukamba za ndalama yosadulidwa msonkho. Ukatero khala chete. Usaseke, usapepese, ngakhale ayang'anizane.

Akati yachuluka, usathamangire kutsitsa. Funsa ngati pali thandizo la kuchipatala monga MASM, alawansi ya thiransipoti, komanso ngati malipirowo adzawaonenso ukamaliza miyezi yoyeserera. Zomwe mwagwirizana zikalembedwe m'kalata ya ntchito usanasaine.

Azakhali