Mzinga wa pa Boma la Mangochi ndi maboti a asilikali a masiku ano

Bambo wina wa ku Makawa wanditumizira imelo. Akuti: "Mzinga uli pafupi ndi nsanja ya wotchi pa Boma uja unali wa sitima yankhondo. Nanga bwanji maboti a asilikali ku Monkey Bay ndi ang'onoang'ono, opanda mzinga wooneka? Kodi tabwerera m'mbuyo?"

Ayi bambo, sitinabwerere m'mbuyo. Ntchito yake ndiyo inasintha.

Mzinga umenewo unali pa Guendolen, sitima ya Angerezi yoyendera nthunzi pa nyanja ya Malawi. Mu Ogasiti 1914, Kaputeni Rhoades anapita nayo ku Sphinxhaven, kumene lero ndi Liuli ku Tanzania, n'kuwombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ili pamtunda. Eni ake anali asanamve n'komwe kuti nkhondo yoyamba ya dziko lonse yayamba. Nthawi imeneyo mdani wa sitima inali sitima inzake, ndiye mzinga unali chilichonse.

Pambuyo pake mikangano yambiri ya pamadzi inayamba kukhala ya nsomba ndi malire. Iceland ndi Britain analimbirana nsomba kangapo pakati pa 1958 ndi 1976, sitima zikugundana ndi kudulirana maukonde. Mu 1982 pangano la United Nations la malamulo a panyanja linapatsa dziko lililonse la m'mbali mwa nyanja yamchere ufulu pa chuma cha m'madzi mpaka makilomita pafupifupi 370 kuchokera pagombe. Dera lonselo mungalilondere ndi chisitima chankhondo chodula? Mafuta okha angakusaukitseni. Ndiye mayiko anayamba kupanga zombo zolondera zokhala ndi anthu ochepa, zotha kukhala pamadzi masiku ambiri. Australia inapereka maboti a mtundu wa Guardian, otalika mamita 39.5, kwa mayiko a pazilumba za Pacific.

Mukadzayandikira boti lotere, musayang'ane mfuti. Yang'anani pamwamba pa kanyumba ka woyendetsa. Kachitsulo kozungulira kaja ndi rada, imaona chombo usiku ngakhale kuli chifunga. Pambali pamakhala kamera yoona kutentha kwa thupi, moti munthu amene akuyandama mumdima amaoneka. Thupi la boti nthawi zambiri ndi la aluminiyamu kapena faiba, lopepuka, injini za dizilo. Ena alibe n'chopalasira chomwe, amangokankha madzi kumbuyo mwamphamvu, ndipo amadutsa posaya popanda kukodwa mu ukonde.

Ine chimene chimandikhudza ndi mwera. Ndinakhalapo pagombe mu Julayi, amayi atakhala pamchenga ndi mabeseni opanda kanthu, akudikira amuna awo amene anapita ku usipa usiku ndipo injini inawathimira pakati. Palibe amene ankalankhula. Pa tsiku ngati limenelo chimafunika ndi boti lonyamuka msanga, lodula mafunde, lokhala ndi wailesi yogwira ntchito ndi mafuta okwanira m'thanki.

Mukadzapitanso pa Boma, bambo, mudzaimenso pa chikumbutso cha sitima ya Vipya, pafupi pomwepo ndi mzingawo. Sitima imeneyo inamira ndi namondwe mu 1946, ndipo anthu 145 anatsikira nayo pansi pa nyanja.