Achemwali, musanawagulire amayi mankhwala achitchainawo

Mwafunsa komwe mungapeze mankhwala azitsamba achitchaina a mawondo a amayi anu kuno ku Joni. Masitolo alipo ku Cyrildene, ndipo ife phukusi la sabata imodzi tinagula marandi 300 kapena kupitirirako pang'ono. Koma chandilembetsa ndi awa akukuyankhani kuti "zachilengedwe sizipha". Mabuku akale a eni akewo, Atchaina, sanena zimenezo.

Buku lawo lakale la mankhwala, Shennong Bencao Jing, la zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, lili ndi mankhwala 365 ogawidwa patatu. Gulu lomaliza, la mankhwala 125, bukulo limanena poyera kuti ambiri ali ndi poizoni, si omwa nthawi yaitali. Limati uyambe ndi kamlingo kochepa ngati kanjere ka mawere, ndipo nthenda ikangotha, usiye. Lina, Huangdi Neijing, limati ukamagwiritsa ntchito mankhwala aukali kwambiri, matenda akachepa ndi magawo 6 pa magawo 10 ulekere pomwepo.

M'gulu lomalizalo muli muzu wotchedwa fuzi, womwe amakonda kupereka kwa odwala nyamakazi. Umenewu ndi umene unatsala pang'ono kundiphera bambo a kunyumba. M'phukusi munali tizidutswa takuda, touma gwa ngati makaka. Wogulitsa anangoti "wiritsani, amwe". Sanatiuze kuti muzuwo umayamba wawiritsidwa pawokha kwa nthawi yaitali kuti poizoni wake achepe mphamvu. Ine ndinangoubwatitsa pang'ono ngati tiyi. Ola lisanathe milomo yawo inachita dzanzi, lilime kulemera, kenako kusanza. Nditaika dzanja pachifuwa pawo ndinamva mtima ukugunda modumphadumpha. Anagona masiku awiri m'chipatala, ndipo adokotala atafunsa zomwe amwa ndinalibe choyankha, chifukwa papepala panalibe chilembo choti n'kuwerenga. Mpaka lero ndikakumbukira usiku umenewo m'mimba mumandiwawa.

China choopsa n'chakuti mayina amafanana. Ku Brussels, m'dziko la Belgium, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, amayi oposa 100 anawonongeka impso atamwa mankhwala ochepetsa thupi omwe munali zitsamba zachitchaina. Chomera chotchedwa fang ji chinasinthanitsidwa ndi chinzake cha dzina lofanana nalo, chomwe chili ndi poizoni wa impso.

Ndiye ngati mwatsimikiza mtima kugula, pitani nawo amayiwo akaonedwe ndi munthu amene anaphunziradi ntchitoyi, osati mnyamata wa pakauntala. Akulembereni dzina la chilichonse chili m'phukusimo ndi kaphikidwe kake. Akakana, tulukani. Makapisozi opanda dzina aja ogulitsa pa WhatsApp musayerekeze n'komwe. Ndipo ngati amayi amamwa mankhwala a BP kapena a mtima, pepala la mayinalo liyambe laonedwa ndi adokotala awo asanalawe ngakhale supuni imodzi.