Yankho kwa azakhali pa za chithunzi cha ubongo wa mwana

Azakhali, mwafunsa kuti zingatheke bwanji madokotala kunena kuti mu ubongo mwa mdzukulu wanu mukuoneka chinthu chonga chotupa, kenaka n'kunenanso kuti mwina si chotupa. Madokotalawo sanadzitsutse ayi.

Mitsempha ya mu ubongo imakutidwa ndi kachikopa kamafuta kotchedwa myelin, monga mmene waya wamagetsi amakutidwira ndi pulasitiki. Pali matenda ena osowa kwambiri, amene dokotala wina, Paul Schilder, anawafotokoza mu 1912 ndipo amatchedwa ndi dzina lake, omwe amawononga kachikopa kameneka pamalo aakulu, kawirikawiri mbali zonse ziwiri za ubongo. Amagwira makamaka ana a zaka zapakati pa 5 ndi 14. Mwana amadandaula mutu, amasanza, amafooka mkono ndi mwendo wa mbali imodzi, maso amachita chidima, mwinanso amakomoka kapena kusintha khalidwe, ndipo zonsezi ndi zomwenso chotupa chimachita. Pachithunzi, malo owonongekawo amakhala atatupa, moti ngakhale katswiri amayamba wakayika.

N'chifukwa chake kuno ku Zomba Central akutumizani ku Queens ku Blantyre kuti akamujambule ndi makina a MRI. Akampatsa mankhwala owalitsa chithunzi, mkombero wozungulira malowo nthawi zambiri umaoneka wosatsekeka mbali imodzi pa matenda amenewa, pamene wa chotupa kapena wa thumba la mafinya umakonda kukhala wotsekeka. Chizindikirochi pachokha sichikwanira, choncho adzayezanso magazi, mwinanso madzi a pamsana. Kwathu kuno TB ya mu ubongo ndiyo yofala kuposa matenda a Schilder, ndiye ayenera kuyamba atsimikiza kuti si imeneyo.

Ngati alidi matenda amenewa, ana ambiri amapezako bwino ndi mankhwala a steroid amphamvu operekedwa pa diripi kwa masiku angapo, kenaka mapiritsi amene amachepetsedwa pang'onopang'ono, popanda opaleshoni. Koma ndikupempheni, azakhali, wina asakagule prednisolone, amene ndi amodzi mwa mankhwala a steroid amenewa, kufamase kuti mwana ayambiretu kumwa. Mankhwalawa amatha kukulitsa TB imene sinayambe kuchizidwa, komanso amaphwetsa zotupa zina kwa kanthawi, madokotala n'kulephera kuzizindikira.

Popita ku Blantyre mutenge buku lake la kuchipatala ndi chithunzi choyamba chija, ndipo mayi ake alembe tsiku limene chizindikiro chilichonse chinayamba, chifukwa adzafunsidwa zimenezo.